Freddy, Ghostface kapena Chucky: filimu yoopsa ikamadziwa kuti ndi filimu, yabwino ndi iti?

Mafilimu a chigawenga chosaka achinyamata ndi mpeni, omwe okonda kanema amawatcha ma slasher, sachedwa kukalamba. Gawo loyamba limaopsa chifukwa palibe akudziwa chomwe chili kuseri kwa chitseko. Pofika gawo lachisanu aliyense waloweza kale: mtsikana wopita yekha kukaona chomwe chagwa panja sabwerako, galimoto ikana kulira, chigawenga chowomberedwa chidzukanso. Mantha amatha, pamangotsala kuwerenga mitembo. Opanga mafilimu ena anangoumirira zomwezo mpaka anthu anasiya kugula matikiti. Koma ena anavomereza poyera kuti woonera wachenjera, ndipo anatenga kuchenjerako n'kukulowetsa m'nkhani momwemo. Anthu a m'filimu anayamba kukamba za mafilimu, osewera anayamba kuoneka ndi mayina awo enieni, ndipo malire a nthano ndi moyo weniweni anayamba kufufutika.

Njira zochitira zimenezi zilipo zingapo ndipo sizilemera mofanana. Ine muyeso wanga ndi umodzi: kodi kudziwa kuti "iyi ndi filimu" kukuika munthu wina pangozi m'nkhanimo, kapena wopanga akungotitsinzinira diso kuti tione kuti ndi wochenjera? Dziwaninso kuti m'munsimu ndaulula mathero a mafilimu angapo, kuphatikizapo mayina a zigawenga.

Njira yophweka kwambiri ndi yotsinzinayo, ndipo amene anaigwiritsa ntchito bwino msanga ndi Tom McLoughlin mu Friday the 13th Part VI: Jason Lives ya 1986. Gawo lachisanu, la 1985, linakwiyitsa anthu chifukwa wakupha uja sanali Jason, chigawenga chodziwika cha mafilimuwa, koma munthu wina wovala chigoba chake. McLoughlin anafunika kudzutsa munthu amene anaikidwa kale m'manda, ndipo sanavutike n'kufotokoza zambiri: mphezi ikugwera chitsulo chomwe chabayidwa pamtembo, Jason n'kutsegula maso. Mayina asanayambe kutuluka, Jason akudutsa m'kati mwa diso lake lomwe n'kutembenuka ndi chikwanje, monga muja James Bond amatembenukira ndi mfuti. Kenaka mkulu wosamalira manda, akukwirira dzenje lomwe ena afukula, akuyang'ana kamera n'kudandaula za anthu omwe amasangalala ndi zinthu zachilendo. Akunena ife oonerafe. Ndi filimu yosangalatsa, yothamanga, ndipo simufunika kuona magawo asanu am'mbuyo kuti muitsatire. Koma nthabwalazo zimangoyandama pamwamba. Mutazichotsa, nkhani ikhala yomweyo: msasa wa ana, nkhalango, Jason.

Wes Craven's New Nightmare ya 1994 ndi nkhani ina. Craven ndi amene analenga Freddy Krueger, chigawenga chopha anthu m'maloto, mu A Nightmare on Elm Street ya 1984, koma m'zaka zotsatira kampani ya New Line Cinema inatulutsa magawo ena asanu, ndipo pang'onopang'ono Freddy anasanduka wanthabwala, wapa malaya ndi zidole. Mu 1991 anamupha mu Freddy's Dead. Craven ataitanidwa kuti abwerere, sanayese n'komwe kulumikiza nkhani yake ndi magawo amenewo. Anaitulutsa kunja. Heather Langenkamp, amene anasewera Nancy mu 1984, apa akusewera Heather Langenkamp, mayi wa ku Los Angeles wa mwana mmodzi, yemwe akulandira mafoni a munthu wolankhula mawu a Freddy. Robert Englund, wosewera Freddy, akuoneka ngati Robert Englund, John Saxon ngati John Saxon, Robert Shaye, mkulu weniweni wa New Line, akulandira Heather mu ofesi n'kumunyengerera kuti aseweremonso kamodzi. Craven nayenso alimo, akulemba filimu yatsopano kuchokera ku maloto oipa amene akumusowetsa tulo.

Ganizo la Craven ndi lakuti pali choipa china chakalekale chomwe nthano yamphamvu imatha kuchitsekera m'kati mwake. Nthanoyo ikasukuluka, ikazoloweleka kwambiri kapena ikathetsedwa, choipacho chimamasuka, ndipo tsopano chazolowera nkhope ya Freddy. Choncho kupanga filimu yoopsa si masewera chabe, ndi kutseka khola. Malo awiri amaonetsa bwino mphamvu ya ganizoli. Poyamba, Heather wapita kunyumba kwa Craven, akambirana zoti aseweremonso ngati Nancy. Kamera ikutsika pa kompyuta ya Craven, ndipo mawu onse omwe awiriwa angolankhula kumene alembedwa kale pamenepo, mpaka mzere wolamula kuti chithunzi chide. Chithunzi n'kudadi. Kachiwiri, chakumapeto, John Saxon, mnzake wa Heather amene wakhala akumulimbikitsa, mwadzidzidzi akumutchula kuti Nancy. Heather akumuyang'ana, ndipo Saxon tsopano wavala ngati wapolisi uja anali bambo a Nancy mu 1984. Kucheuka, nyumba yake yasanduka nyumba ya ku Elm Street. Mwana wake Dylan watengedwa, ndipo njira yokamupulumutsira ndi imodzi: kuvomera kukhala Nancy. Akamuyankha Saxon kuti bambo, m'pamene Freddy akutulukira pansi pa bedi. Apa palibe choseketsa. Mayi akulowa m'nthano ndi maso otsegula chifukwa cha mwana.

Moyo weniweni nawo unalowererapo. Nkhani ya Craven inali kale ndi zivomezi, ndiye mu Januwale 1994, filimu ili m'kati mojambulidwa, chivomezi cha Northridge chinagwedeza Los Angeles. Anatuluka ndi kamera kukajambula misewu ndi nyumba zowonongekadi, n'kuziika m'filimu. Langenkamp weniweni anavutitsidwapo ndi munthu womulondalonda, ndipo mwamuna wake weniweni ndi katswiri wopanga zilonda ndi nkhope zabodza za m'mafilimu, monga alili mwamuna wa Heather wa m'nkhaniyo. Pamndandanda wa osewera kumapeto analemba kuti Freddy Krueger wasewera yekha mwini.

Zofooka zilipo. Filimuyi imayenda pang'onopang'ono, imfa ndi zochepa, mwana uja amakuwa kwambiri kuchipatala, ndipo Craven pa kamera ndi wouma ndithu. Mathero a kudziko la Freddy, ndi lilime lalitali ndi ng'anjo yotengera nthano ya Hansel ndi Gretel, akubwerera ku zomwezo zomwe filimu imadzudzula. Anthu sanaithamangire: sinafike n'komwe madola 20 miliyoni, yotsika kuposa mafilimu onse a Freddy, ndipo inatuluka sabata imodzi ndi Pulp Fiction. Komanso ngati simunaone ya 1984, theka la kukoma kwake likudutsani. Wolera mwana akamakokedwa pakhoma mpaka kudenga kuchipatala, wodziwa amakumbukira imfa ya Tina, mnzake wa Nancy mu ya 1984. Wosadziwa amangoona imfa.

Patapita zaka ziwiri Craven yemweyo anabwera ndi Scream, yolembedwa ndi Kevin Williamson, ndipo inapeza madola opitirira 170 miliyoni padziko lonse. Kusiyana kwake n'koonekeratu. New Nightmare ikukamba za opanga mafilimu, anthu akuluakulu a ku Hollywood ndi nkhawa zawo. Scream ikukamba za oonera, achinyamata omwe akulira pa matepi a vidiyo ndipo amadziwa malamulo onse. Aliyense angadzione m'menemo. Koma pa nkhani yathuyi, yofunika kwambiri ndi Scream 2 ya Disembala 1997, chifukwa ndi momwe munabadwira Stab, filimu ya m'kati mwa filimu, yotengedwa m'buku lomwe mtolankhani Gale Weathers analemba za kuphana kwa ku Woodsboro, tauni ya mu Scream yoyamba.

Mphindi zoyambirira za Scream 2 ndimaziika pamwamba pa china chilichonse m'gulu lonseli. Jada Pinkett ndi Omar Epps ndi chibwenzi chomwe chapita kukaonera Stab tsiku loyamba. Pakhomo akugawa zigoba za Ghostface, chigawenga cha mu Scream, ndi mipeni yapulasitiki kwaulere, moti holo yadzaza ndi zigawenga zabodza zokuwa ndi kulumphalumpha. Pa kanema, Heather Graham akusewera imfa ya mtsikana yemwe ife tinamuona akufa mu Scream, koma tsopano aiwonjezera bafa ndi zina zokopa anyamata. Mnyamata uja waphedwa kuchimbudzi, wakuphayo wavala jekete lake n'kudzakhala pafupi ndi mtsikana. Akamubaya, palibe akuzindikira. Mtsikanayo akukwawira kutsogolo, akukwera pansanja, kuwala kwa filimu kukumugwera pankhope, akukuwa, ndipo khamu likuwomba m'manja poyesa ndi malonda a kampani. Kenaka zigoba zikuyamba kuvulidwa chimodzichimodzi. Apa muyeso uja wakwanira ndendende: munthu wafa chifukwa anthu mazana alephera kusiyanitsa sewero ndi magazi enieni, ndipo ife oonera tinali kusangalala limodzi nawo.

Zotsatira zake sizifika pamenepo, koma ndi zolimba. Ku koleji ya Windsor ophunzira akutsutsana m'kalasi ngati gawo lachiwiri la filimu linaposapo loyamba. Randy, katswiri wa malamulo a mafilimu oopsa kuyambira mu Scream yoyamba, akuphedwa masana dzuwa likuswa mtengo, kudziwa kwake kosamuthandiza. Mmodzi wa zigawenga, Mickey, akufuna kugwidwa dala kuti akanene kukhoti kuti mafilimu ndi amene anamuwononga. Winayo, mayi ake a Billy Loomis, mmodzi wa zigawenga za Scream yoyamba, alibe nazo ntchito za mafilimuzo, akungofuna kubwezera imfa ya mwana wawo, ndipo ndi amene akumuwombera Mickey. Ndimakonda kuti Williamson anapatsa mawu omaliza chifukwa chakalekalecho osati chamakonocho.

Mukaziika pamodzi ziwirizi, New Nightmare ili ndi ganizo lakuya, Scream 2 ili ndi luso lokhwima. Yoyamba imakufunsani chifukwa chomwe anthu amasimbirana nthano zoopsa. Yachiwiri imakugwirani pakhosi kwa maola awiri, monga pomwe Sidney, mtsikana yemwe zigawenga za mu Scream zimamusaka, akuyenera kudutsa pamwamba pa Ghostface wokomoka kuti atuluke m'galimoto ya polisi yomwe yachita ngozi. Woonera ndi anzake Loweruka madzulo asankhe Scream 2. New Nightmare imafuna munthu wodekha, amene waonera kumene ya 1984.

Scream 3 ya 2000 inapititsa nkhani ku Hollywood komwe akujambula Stab 3, ndipo osewera akufa motsatira ndondomeko ya m'zolemba za filimuyo. Papepala, iyi ndi yomwe inayenera kusokoneza nthano ndi moyo kuposa zonse. Koma Williamson sanailembe, analemba ndi Ehren Kruger, ndipo inapangidwa kuphana kwa pa sukulu ya Columbine kwa Epulo 1999 kutangochitika, nthawi yomwe mafilimu achiwawa ankalozedwa chala. Magazi anachepetsedwa, nthabwala zinachuluka. Kachipangizo kotsanzira mawu a munthu aliyense ndi chinyengo cha wolemba waulesi. Komabe muli zinthu ziwiri zosaiwalika. Parker Posey, amene akusewera mayi wosewera Gale mu Stab 3, akumatsatira Gale weniweni paliponse poganiza kuti wakuphayo akafuna Gale ayambira mwiniwakeyo. Ndipo Sidney akulowa mu situdiyo usiku n'kupeza msewu wakwawo ndi chipinda chake zitamangidwa ndi matabwa, akutsegula chitseko chapamwamba pothawa n'kupeza kuti kuseri kulibe chipinda, kuli phompho.

Palinso chinthu chomwe mu 2000 ambiri sanachilabadire. Muzu wa nkhaniyo ndi wakuti mayi ake a Sidney, ali mtsikana wofuna kusewera mafilimu, anachitidwa nkhanza zogonana paphwando la mkulu wina wopanga mafilimu, John Milton, amene akuyankha kuti mtsikanayo ankadziwa momwe zinthu zimayendera m'tauniyi. Filimuyi inatulutsidwa ndi Dimension Films ya abale awiri a Weinstein, ndipo dzina la Harvey Weinstein lili pamndandanda wa akuluakulu ake. Mu 2017 amayi ambiri anatuluka poyera kumudandaula bamboyu pa nkhani zamtundu womwewo. Kuyambira pamenepo Scream 3 imaonedwa ndi maso ena. Sinasanduke filimu yabwino, koma malire omwe inafufuta ndi akulu kuposa omwe inkafuna.

Scream 4 ya 2011, filimu yomaliza ya Craven asanamwalire mu Ogasiti 2015, imayamba ndi msampha wa magawo atatu: mukuona atsikana awiri akuphedwa, kenaka n'kuzindikira kuti imeneyo ndi Stab 6, yomwe akuonera atsikana ena awiri, omwenso ali mu Stab 7. Ulendo woyamba zimaseketsa kwambiri, ulendo wachiwiri mumangodikira kuti zithe. Chomwe chakhalitsa ndi Jill, msuweni wa Sidney, amene akupha anzake n'kudzivulaza yekha kuti atchuke pa intaneti ngati wopulumuka. Mu 2011 ena ankati n'zokokomeza. Scream ya 2022, yotsogoleredwa ndi Matt Bettinelli-Olpin ndi Tyler Gillett, ikuika mpeni m'manja mwa okonda Stab awiri omwe akwiya ndi Stab 8 ndipo akufuna kupatsa Hollywood nkhani yeniyeni yoti ikopere. Ganizo ndi labwino, koma pofika apa njirayo yasanduka lamulo lomwe Scream yoyamba ikanaliseka.

Chucky, chidole chopha anthu, anatenga msewu wa Craven n'kuusandutsa phwando. Mu Seed of Chucky ya 2004, gawo lachisanu, yomwe Don Mancini analemba n'kutsogolera yekha, Chucky ndi mkazi wake Tiffany ndi zidole zogwiritsidwa ntchito pojambula filimu ku Hollywood, mpaka mwana wawo akudzawadzutsa. Jennifer Tilly, amene ndi mawu a Tiffany kuyambira mu Bride of Chucky ya 1998, akusewera Jennifer Tilly, wosewera yemwe nyenyezi yake yazilala, wansanje ndi Julia Roberts, wofunitsitsa kusewera Mariya mayi wa Yesu m'filimu ya woimba Redman. Tiffany, amene amasilira Tilly, akufuna kulowa m'thupi lake. Tony Gardner, katswiri weniweni woyendetsa zidolezo, akuoneka ndi dzina lake n'kudulidwa mutu ndi zidole zake zomwe. John Waters akusewera wojambula zithunzi wozembera anthu otchuka. Tilly amadzinyoza mopanda mantha ndipo ndi chifukwa chokwanira choonera. Koma musayembekezere kugwidwa nthumanzi ngakhale kamodzi, ndipo nthabwala zina ndi zolaula moti simungaonere limodzi ndi apongozi. Chomwe chili ndi mtima m'filimuyi ndi mwana uja, Glen kapena Glenda, amene sakufuna kupha ndipo makolo akulimbirana kuti ndi mnyamata kapena mtsikana. Mancini mwini anabweza Chucky ku mantha enieni mu Curse of Chucky ya 2013.

Halloween: Resurrection ya 2002 ingodutseni. Ophunzira avala makamera kumutu n'kugona m'nyumba ya chigawenga Michael Myers pa pulogalamu ya pa intaneti, ndipo Busta Rhymes, atavala chigoba cha Michael, akukalipira Michael weniweni poganiza kuti ndi wantchito wake. Filimu yomwe ikupha Laurie Strode, ngwazi ya Halloween yoyamba, m'mphindi zoyambirira kuti ipeze malo a zimenezi sindingaikhululukire.

Book of Shadows: Blair Witch 2 ya 2000 si slasher kwenikweni, koma ili m'banja lomweli. Joe Berlinger, wodziwika ndi mafilimu a nkhani zenizeni monga Paradise Lost, anaiyamba ndi tizidutswa ta pa TV tokamba za The Blair Witch Project ya 1999 ndi khamu lomwe linathamangira ku Burkittsville, ku Maryland. Anthu asanu otengeka ndi filimuyo akukagona m'nkhalango, akuledzera, akudzuka osakumbukira maola angapo, ndipo matepi akuonetsa zosiyana ndi zomwe iwo akukumbukira. Berlinger wakhala akunena kuti kampani inasintha filimu yake n'kuthiramo zithunzi za magazi zomwe iye sanazifune. Zimaonekadi kuti manja awiri ankakokerana. Ndi yoonera munthu wachidwi, osati wofuna madzulo abwino.

Yomwe imandisautsa mumtima ndi The Town That Dreaded Sundown ya 2014, ya Alfonso Gomez-Rejon, chifukwa pansi pa nthano zonse pali manda enieni. Pakati pa Febuluwale ndi Meyi 1946, m'tauni ya Texarkana, yomwe ili pamalire a Texas ndi Arkansas, munthu wina anaukira anthu asanu ndi atatu usiku, asanu anafa, ndipo sanagwidwe mpaka lero. Mu 1976 Charles B. Pierce anapanga filimu ya nkhaniyi, ya chigawenga chovala thumba loboola maso, ndipo tauniyo inazolowera kuionetsa pabwalo nyengo ya Halloween. Ya 2014 ikuyambira pomwepo: achinyamata akuonera ya 1976 ali m'magalimoto, awiri akuchokapo, ndipo munthu wa thumba akuwapeza. Magawo ndi atatu tsopano, kuphana kwenikweni, filimu yakale, ndi filimu yatsopano momwe yakaleyo ndi chinthu chomwe aliyense m'tauni anaonera. Nthawi zina zithunzi za 1976 zimang'anima pakati pa zatsopanozo.

Taonani chitsanzo chimodzi. Mmodzi wa ophedwa mu 1946 anali mtsikana wa zaka 15 woimba saxophone. Pierce anasintha chipangizocho kukhala trombone, n'kupeka zoti chigawenga chinamangirira mpeni kumapeto kwake n'kumabaya mtsikana poliza. Zimenezo sizinachitike. Mu 2014 wakupha watsopano akubwereza za trombone zomwezo. Ndiye kuti sakutsanzira chigawenga cha 1946, akutsanzira bodza la wopanga filimu, ndipo m'nkhaniyo bodzalo lasanduka imfa yeniyeni. Palibe Stab iliyonse yomwe ingafike pamenepa, chifukwa Woodsboro kulibe koma Texarkana iliko, ndipo abale a ophedwawo anali anthu enieni. Filimuyi imadziwa vutoli, ili ndi m'busa wodzudzula zoonetsa filimu yakale ija, koma nayonso ikudyera pa imfa zomwezo. Ndi yokongola m'maso, ndi yankhanza kuposa zonse ndatchulazi, ndipo mathero ake, ovula zigoba ndi kufotokoza zifukwa monga mu Scream, ndi ofooka kwambiri poyerekeza ndi ola loyamba. Simufunika kuona ya 1976 kaye, yatsopanoyo imakufotokozerani zokwanira.

Amene sanaonepo iliyonse ayambe ndi Scream ya 1996 n'kulumikiza Scream 2, kenaka abwerere ku A Nightmare on Elm Street ya 1984 ndi New Nightmare, osataya nthawi ndi magawo apakatiwo, kupatula Dream Warriors ya 1987 ngati akufuna kumuonanso Langenkamp ngati Nancy. Wofuna kuseka atenge Jason Lives ayambe, Seed of Chucky pambuyo ngati mtima ukadali wolimba. Ya ku Texarkana ibwere kumapeto, ana atagona, ndipo ndi bwino kuwerengako kaye zomwe zinachitikadi mu 1946 kuti muzitha kuona pomwe Pierce anawonjezera zake.